Anasoka ndani diresi la agogo anu?

Sabata ino tiyeni tipumitse kaye ndakatulo, ticheze za nsalu.

Masiku ano achinyamata a m'tauni atengeka ndi zovala zachikale zimene akuzitcha kuti vintage. Mtsikana amalawirira pa kaunjika tsiku lotsegula belo, n'kuvundukula mulu wonse kufuna diresi lalitali lonyezimira, la manja otukumuka, lija ankavala azimayi a ku Ulaya popita ku madyerero a usiku zaka 40 kapena 50 zapitazo. Akalipeza amalichapa, kulisita, kujambulitsa, chithunzi n'kuponya pa Facebook. Palibe cholakwa apa. Koma kodi mukudziwa kuti agogo anu a ku Ntaja, ku Ulongwe kapena ku Utale nawonso anali nalo diresi lotero, ndipo lawolo silinatuluke m'belo? Linasokedwa pa khonde la sitolo, ndi munthu amene dzina lake silinalembedwe pa kolala. Komanso kutalika kwa diresilo kuli ndi mbiri yake. Kuno kwathu nsalu ya mkazi yakhala ikuyezedwa ndi anthu ena: amalonda a kugombe, amishoni, mwamuna wa ku Joni, ndipo pamapeto pake Nyumba ya Malamulo.

Tiyambire kutali pang'ono, diresi lisanabwere.

Makolo ambiri a dera limeneli ankavala nyanda, lija khungwa la mtengo losulidwa mpaka kufewa, ena zikopa. Thonje ankalidziwa, kumunsi kwa Shire anthu ankawomba nsalu yawoyawo yotchedwa machila. Koma nsalu imene inatembenuza moyo pakati pa nyanja ya Chilwa, nyanja ya Malombe ndi mtsinje wa Shire inabwera pamitu ya amtengatenga kuchokera ku nyanja yamchere, ku Kilwa, ku Quelimane ndi ku chilumba cha Mozambique. Eni ulendowu anali Ayao, omwe anakhazikika kuno chapakati pa zaka za m'ma 1800. Paja dzina loti Machinga ndi la gulu limodzi la Ayao, Amachinga. Bomali kale linkatchedwa Kasupe, ndipo Balaka inali mbali yake mpaka 1998. M'mitolo yawo munkakhala mikanda, mfuti, wonga, ndi nsalu ziwiri zotchuka: merikani, yoyera yosanyika, yochokera m'mafakitale a ku Massachusetts ku America kudzera pa Zanzibar, ndi kaniki, yakuda yonyikidwa ku India. Mtengo wake tisaubise, abale. Unali minyanga ya njovu ndi anthu. Mkazi wa mfumu akatuluka atakulunga nsalu kuchoka m'khwapa mpaka kukhwekhwereza pansi, aliyense ankatha kuwerenga ndi maso kuti pakhomopo patuluka katundu wochuluka bwanji kupita kugombe. Munthu wamba ankangomanga kachidutswa m'chiuno.

Kuwerengana ndi nsalu kumeneku kunakhalitsa. Wofufuza za chikhalidwe wina, J. Clyde Mitchell, anakhala m'midzi ya Ayao ya chigawo chino chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, n'kutulutsa buku la The Yao Village mu 1956. Iye anapeza kuti si nyakwawa iliyonse imene inkaloledwa kumanga mlangali, kansalu kofiira ka kumutu. Unali ulemu wochita kupatsidwa ndi mfumu yaikulu, ndipo akuluakulu a ndevu zawo ankaulimbirana. Kansalu chabe!

China chimene ambiri timaiwala n'chakuti mkanjo woyamba waulemu m'dera lino unali wa amuna. Ndi uja woyera wofika m'mapazi, kanzu, pamodzi ndi kofiya kumutu, zomwe zinabwera ndi Chisilamu kuchokera kugombe. Pitani ku Nsanama tsiku la Idi mukaone nokha kuti sunathe mphamvu. Ndipo singano m'midzi imeneyi inali ya mwamuna; kusoka inali ntchito ya abambo, ngati kuluka mphasa ndi dengu. Sungani mfundo imeneyi, tiifuna kutsogoloku.

Atsamunda atagonjetsa Kawinga pa phiri la Chikala mu 1895, maulendo a kugombe anazilala, nsalu n'kuyamba kubwera pa sitima za pa Shire ndi m'masitolo a Mandala. Amishoni nawo anafika ndi muyeso wawo wa thupi la mkazi. Mukafuna kuona diresi la nthawi imeneyo pa mayi wachimalawi, yang'anani chithunzi chija cha banja la John Chilembwe, chojambulidwa 1915 isanafike. Mayi Ida Chilembwe ali m'diresi lofika pansi, la manja aatali, losasiyana ndi la mkazi wa bwana. Kumeneko ndi ku Mbombwe, ku Chiradzulu, kunja kwa dera lathu, koma uthenga wake unamveka patali. Ku PIM amayi ankaphunzira kusoka, poyamba ndi Emma DeLaney, mmishoni wachikuda wa ku America amene anafika mu 1902, kenako ndi Mayi Ida. Kwa Chilembwe kuvala bwino kunali kuuza mzungu kuti ndife anthu chimodzimodzi. Ndipo mzungu anamva, n'kuipidwa. Pa kafukufuku wa boma pambuyo pa kuukira kwa 1915, dandaulo limodzi limene anthu ophunzira analibwereza kwambiri linali la chipewa, lija la kukakamizidwa kuchivula pamaso pa mzungu aliyense. N'chifukwa chake pa chiboliboli cha Samson Kambalu chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022, Chilembwe ali chivalire chipewa chake.

Kuno ku Balaka ansembe a Montfort anatsegula mishoni ya Utale mu 1908, ndipo ndi tchalitchi panabwera ukwati woyera. Diresi loyera la mkwatibwi, lomwe lero ena amaliona ngati linatsika ndi Mose paphiri, linatchuka chifukwa cha Mfumukazi Victoria amene anakwatiwa atavala loyera mu 1840. Koma musaganize kuti mudzi wonse unasanduka wa madiresi. Kwa zaka zambiri mayi wamba ankavala biriwita, nsalu yakuda yomanga pachifuwa. Diresi linali la mkazi wa mphunzitsi, wa kalaliki, wa kapitawo.

Zinthu zinathamanga njanji itafika. Mu 1935 njanji yochoka ku Blantyre kupita ku Salima inatsegulidwa, kudutsa pa Balaka, ndipo kamalo ka siteshoni kanakula n'kukhala tauni ya masitolo a amwenye. M'sitolo munali mipukutu: poplini, satini, jojeti, pambuyo pake nayiloni, Terylene ndi Crimplene. Panja pa khonde panali telala ndi makina ake a Singer opalasa ndi phazi. Mgwirizano wake unali wosavuta: ugule nsalu mkati, utuluke nayo pakhomo, telala akuyeze. Mwenye wagulitsa, telala wadya. Ambiri mwa matelalawa anali Ayao, adzukulu a aja ankasoka kanzu, ndipo luso lomwelo ndi limene linatengera ena ku Salisbury, ku Bulawayo, ku Johannesburg ndi ku Durban.

Taganizirani ntchito imene munthuyu ankagwira. Sanapondeko ku sukulu ya fasho. Analibe mapepala odulirapo. Mayi ankabwera ndi tsamba long'amba m'magazini, mwina Drum ya ku Joni, mwina katalogu imene mphunzitsi wamkulu anaitanitsa, mwinanso chithunzi cha mlamu wake wa ku Harare, n'kunena kuti, “Andisokere ngati ili.” Telala ankayang'anitsitsa chithunzicho, chimene chikuonetsa kutsogolo kokha, kumbuyo n'kupeka yekha. Ankayeza ndi tepi koma mosakhudza kwambiri, poti ndi mkazi wa mwini. Zotsalazo diso linkamaliza. Ku Paris mu 1947 Christian Dior anatulutsa sitayilo yothina m'chiuno, yotambalala kumunsi ngati ambulera, yodya nsalu yambiri ngati ikubwezera kusowa kwa nthawi ya nkhondo. Patapita zaka sitayiloyo inafika pa khonde la pa Balaka, koma inapeza kuti thumba la mphunzitsi silingagule mayadi onsewo. Apa ndiye panaoneka nzeru. Makwinya m'chiuno kuti nsalu yochepa ioneke yambiri. Pitikoti woumitsa ndi phala la chinangwa kuti diresi liime lokha. Lesi pang'ono pakhosi ndi kumapeto kwa manja, pokhapo pofikira diso. Kusita kwake ndi simbi yamakala, mtima uli phaphapha kuopa kuti kakhala kangagwere pa nayiloni, ndalama ya thonje ya chaka chonse n'kuthera pa kabowo.

Ndalamayo ina inkachoka ku thonje, ina ku mpunga ndi matemba a ku Chilwa, koma ina yochuluka inkatsika sitima. Mwamuna wobwera ku Wenela kapena ku Harare ankayezedwa ndi bokosi lake lachitsulo. Njinga, galamafoni, bulangeti, jekete, zonsezo zabwino. Koma mudzi, makamaka apongozi, unkadikira kuona chimene wamutengera mkazi. Paja kuno n'kwa chikamwini. Mwamuna ndi mlendo pamudzi pa mkazi wake, ndipo kuveka mkazi ndi udindo umene ankhoswe sachedwa kukumbutsa. Wobwera chimanjamanja dzina lake linkamveka pamtondo. Choncho diresi limene mayi ankatulukira nalo pa Khirisimasi linali ngati lisiti, umboni woti zaka ziwiri za kugona yekha ndi kulima yekha sizinapite pachabe.

Mwina mukuti, nanga ankalivala kuti, poti ku Ulongwe kunalibe hotela ya magalasi? Zoona, azungu anali ndi makalabu awo ku Zomba ndi ku Blantyre kumene ankavinira atavala zamadzulo, munthu wakuda akulowamo ngati woperekera zakumwa. Athu anali ndi mabwalo awo. Ukwati, kaya ndowa kwa Asilamu. Idi, Khirisimasi ndi Nyuwere. Tsiku lotuluka ana ku jando ndi ku nsondo, pomwe mayi ankafuna anthu aone kuti mwanayu ali n'kwawo. Ndiye panali dansi ya m'holo ya sukulu kapena m'bwalo lotchinga ndi udzu, nyali ya Tilley ikulira, galamafoni ikuimba kwela ndi jaivi. Magolovesi oyera pa kutentha kwa Okutobala ku Liwonde! Nsapato za gogoda ankazinyamula m'manja njira yonse, n'kuzivala pofika pakhomo atapukuta fumbi kumapazi. Amuna musaseke. Gule wa beni, amene anafalikira kuno ndi asilikali obwera ku East Africa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndi mpikisano wa kutchena basi: mayunifolomu, mamendulo, maudindo a ukaputeni. Terence Ranger anachita kulemba buku lonse la guleyu mu 1975.

Ufulu utabwera mu 1964, nsalu nayo inafuna ufulu wake. Mu 1967 fakitale ya David Whitehead and Sons inayamba ntchito ku Blantyre, ndipo thonje la alimi a ku Balaka linkapita ngati mabelo n'kubwerera ngati chitenje. Mu 1970 njanji ina inachoka pa Nkaya, kudutsa pa Liwonde mpaka ku Nayuchi polowera ku Nacala, Liwonde nayo n'kuyamba kuoneka tauni. Apa ndi pomwe chilundu chinakwera udindo. Chimene chinali nsalu yongomanga chinasanduka chovala cha fuko: siketi yofika m'mapazi, bulauzi ya nsalu yomweyo, duku lalikulu kumutu. Mama Cecilia Kadzamira, amene ankalandira alendo a boma pambali pa Kamuzu, ndiwo anali katalogu yoyenda. Chimene avala pa phwando la boma, monga pamene Mfumukazi Elizabeth inabwera mu 1979, chinkatuluka m'nyuzipepala, nyuzipepalayo n'kukathera pa makina a telala. Amayi nawonso anayamba kukhala pa makinawo, kudzera m'makalasi a zapakhomo a kumishoni ndi a boma, kenako CCAM imene inakhazikitsidwa mu 1985.

Koma tibwerere m'mbuyo pang'ono. M'zaka za m'ma 1960 ku London kunabuka mini, ya Mary Quant ndi anzake, ndipo atsikana a ku Blantyre ndi ku Zomba sanachedwe kuitola. Kamuzu, munthu amene mwini wake sankaoneka popanda suti ya zidutswa zitatu ndi chipewa cha ku Ulaya, anati zimenezi si chikhalidwe chathu. Mu 1973 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Decency in Dress Act. Mkazi sankaloledwa kuoneka pagulu atavala buluku kapena kabudula, ndipo diresi linayenera kubisa mawondo iye ataima chilili. Amuna nawo analetsedwa tsitsi lalitali. Ayufi a malaya ofiira sankadikira khoti. Ankatha kumuyalutsa munthu pamsika kapena pa depoti pomwepo. Chodabwitsa n'chakuti kumalo ochezera alendo a kunyanja ndi m'nkhalango za nyama buluku linkaloledwa. Nkhalango ya Liwonde inakhazikitsidwa chaka chomwecho cha 1973. Ndiye kuti mkatimo, pamaso pa mvuu ndi njovu, buluku silinali mlandu. Kungotuluka kufika pamsika wa Liwonde, mlandu.

Apa ndi pamene ndikufuna tisamale tikamayang'ana zithunzi za m'ma 1970. Timakonda kunena kuti, “Amayi akale ankavala modzilemekeza, osati zalerozi.” Ena ndithu ankakonda zazitali, ndipo m'dera la Asilamu ambiri ngati Machinga kudziphimba sikunayambe ndi Kamuzu. Koma mayi amene sangavale china popanda kugwidwa simunganene kuti wasankha. Agogo omwewo, mukatsegula bwino alubamu, mwina muwapeza mu 1967 mawondo ali pamtunda, wigi kumutu, akumwetulira mano onse. Diresi la 1958 ndi la 1975 onse abisa mawondo, inde. Koma loyambalo likungonena kuti “ndakwanitsa”, pomwe lachiwirilo likunena zomwezo n'kuwonjezera kuti “musandigwire”.

Mwayi wake, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 dziko lonse linali litatopa ndi mini n'kutembenukira ku maxi, lija lofika m'mapazi. Choncho mtsikana wa pa Balaka ankatha kumvera lamulo ndi kutsata fasho m'diresi limodzi lomwelo. Ndipo matelala, atatsekeredwa kumunsi, anathawira kumtunda. Luso lonse linapita ku manja, otukumuka ngati zitumbuwa kapena otambalala ngati mapiko a mleme. Ku khosi, la ngodya zinayi kapena la mtima. Ku mapuliti, ku malamba, ku kamangidwe ka duku. Ine ndimaona kuti zaka zoponderezazo ndi zomwe zinatulutsa madiresi okongola koposa a pa khonde. Sikuti ndikuyamikira lamulolo ayi. Madzi ukawatseka uku amaboola uko. Ndipo musaiwale kuti mayi yemweyo anali ndi chovala china chokakamiza m'bokosi, nsalu ya mbumba ya nkhope ya Kamuzu, yovala tsiku loitanidwa kukavina, afune asafune.

Khondelo nalo linagwedezeka m'zaka zimenezi. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi 74, ndipo Kamuzu anaimitsa ulendo wa kumigodi. Mabokosi achitsulo anachepa. Boma linalamulanso amwenye kuti achoke m'midzi ndi m'matauni ang'onoang'ono, kotero pofika 1978 malonda awo anali atasonkhana m'mizinda monga Blantyre, Lilongwe ndi Zomba. Masitolo ambiri anatsala opanda mipukutu, telala ali pa khonde la chitseko chotseka, nsalu yapamwamba n'kumachita kuikwerera sitima ya ku Limbe.

Itatha riferendamu ya pa 14 Juni 1993, lamulo la kavalidwe linachotsedwa. M'zaka zomwezo msika unatseguka, mabelo a kaunjika n'kusefukira. Anzathu a ku Zambia amati salaula, ndipo Karen Tranberg Hansen analemba buku la dzina lomwelo mu 2000. Kwa mayi wosauka kaunjika anali chipulumutso, tisanamizane; anavala silika amene agogo ake ankangomuonera pa chithunzi. Koma telala anatsika kuchoka pa mmisiri wopeka sitayilo kufika pa wobweza ndi woika zigamba, ndipo fakitale ya Whitehead inafooka mpaka kugulitsidwa kwa a Mapeto mu 2003. Lamulo linachoka m'buku koma m'mitu linatsalira. Mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula amayi ovala mabuluku ndi masiketi aafupi, amayi n'kuchita zionetsero. Mmodzi mwa amene anaima nawo anali Joyce Banda, wa kwa Malemia ku Zomba, pafupi ndi malire a Machinga, amene patangopita miyezi itatu anakhala mtsogoleri wa dziko. Mayi wodziwika ndi chitenje chosoka chofika m'mapazi, duku kumutu, nsalu paphewa, akuteteza wa buluku. Iye lake lalitalilo anachita kusankha.

Nanga madiresi aja ali kuti? Ochepa kwambiri anapulumuka, ndipo zifukwa zake n'zapakhomo. Kwathu nsalu siipuma pantchito. Diresi laukwati linkabwerekedwa ndi mng'ono, kenako msuweni, kenako mwana wa aneba, mpaka velo kuoneka ngati ukonde wa usipa. Likatopa linkadulidwa kukhala la ubatizo wa mwana, zotsala n'kukhala pilo, kenako chigamba, kenako nkhata. Mayi wachikhristu nthawi zambiri ankapita nalo kumanda diresi lake labwino koposa, ngati sanavekedwe yunifolomu ya Mvano kapena ya bungwe lake la kutchalitchi. Wachisilamu amapita ndi sanda yoyera, choncho lake linkatsala, koma n'kugawidwa kwa abale, kuvalidwa mpaka kutha. Zotsalira m'bokosi, chiswe, njenjete ndi denga lodontha zinamaliza.

Mukapita kumudzi n'kupeza limodzi pansi pa bokosi, musathamangire kuliyesa. Litembenuzeni kaye, mkati mukhale kunja. La m'belo mulipeza ndi kansalu ka dzina la kampani ndi nambala ya saizi. La pa khonde lilibe dzina, lilibe nambala. Muona mpendero wosokedwa pamanja, mwina zipi yachitsulo yochotsedwa ku chovala china, mwina kamzere ka choko kamene sikanachoke, ndi nsalu yambiri yopindidwira mkati m'mbali zonse ziwiri, zala zitatu kapena zinayi. Imeneyo telala ankaisiya dala, kuti mwini wake akadzaima adzangobwera nalo, amasule msoko, lipitirire kumukwana.